Daniel Boone, Mlenje Amene Anatsegula Njira ya ku Kentucky

M'zaka za m'ma 1700 dziko limene lero litchedwa United States of America linali lisanakhale dziko limodzi. M'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Atlantic munali timaiko 13 ta Azungu, tonse tolamulidwa ndi Mfumu ya ku England. Kumadzulo kwa timaikoto kunali mapiri a Appalachian, ondondozana kuchokera kumpoto kufikira kumwera monga mpanda, ndipo kuseri kwa mapiriwo kunali dziko la eni ake, mitundu ya anthu imene Azungu anaipeza m'dzikomo. Mwa mitunduyo munali a Shawnee, amene midzi yao inali kumpoto kwa mtsinje wa Ohio, ndi a Cherokee, amene anali kukhala kumwera. Pakati pao panali dziko la Kentucky, dziko la msipu ndi nyama zambiri, kumene mitundu yonse iwiri inali kupita kukasaka.

Nkhani ino ndi ya mmodzi wa Azungu oyamba kukamanga mudzi kuseri kwa mapiriwo, amene anakhalanso mtsogoleri wa ankhondo pa nthawi imene timaiko tija tinali kumenyana ndi Angerezi kuti tidzilamulire tokha. Dzina lake ndiye Daniel Boone.

Ubwana wake ndi ulenje wake

Boone anabadwa pa 2 Novembala 1734 m'dziko la Pennsylvania, mwana wachisanu ndi chimodzi mwa ana 11. Atate wake, Squire Boone, anali woomba nsalu ndi wosula zitsulo wochokera ku Devon m'dziko la England, ndipo mai wake anali Sarah Morgan. Banjalo linali la mpingo wa Quaker, umene uletsa anthu ake kumenya nkhondo. Koma ana awiri a m'banjamo atakwatirana ndi anthu a kunja kwa mpingowo, atate wao anakangana ndi akulu a mpingo nachotsedwa, ndipo m'chaka cha 1750 anasamuka onse, nakakhazikika kufupi ndi mtsinje wa Yadkin ku North Carolina. Daniel sanaphunzire sukulu yokwanira; anadziwa kuwerenga ndi kulemba pang'ono chabe. Chimene anachidziwa koposa ndicho mfuti ndi mapazi a nyama.

M'chaka cha 1755 anagwira ntchito yoyendetsa ngolo pa ulendo wa mkulu wa nkhondo wa Angerezi, Edward Braddock, wokalanda linga la Afalansa pamalo pamene lero pali mzinda wa Pittsburgh. Pa 9 Julayi khamulo linagonjetsedwa koopsa kufupi ndi mtsinje wa Monongahela, ndipo Boone anapulumuka pothawa pa kavalo. Chaka chotsatira anakwatira Rebecca Bryan, amene anabala naye ana 10. Podyetsa banja lake anali kuchoka pamudzi miyezi yambiri kukasaka nyama zonga mbawala, nabwera ndi zikopa zogulitsa. Munda ndi ana zinali kutsala m'manja mwa Rebecca. Ngakhale anatero, ngongole sizinamchoke.

M'chaka cha 1763 Mfumu George III inalamula kuti Azungu asamange midzi kumadzulo kwa mapiri aja, pofuna kupewa nkhondo ndi eni dziko. Lamulolo anthu ambiri sanalisamale. Mu Meyi 1769 Boone ananyamuka ndi anzake asanu, mmodzi wa iwo John Findley, wamalonda amene anali atafikako kale ku Kentucky, napyola pa mpata wa m'mapiri wotchedwa Cumberland Gap. Anapeza magulu a nyama zazikulu zonga njati, ndi zimbalangondo, ndi akasupe a madzi a mchere kumene nyama zinali kudza kudzanyambita dothi. Koma mu Disembala chaka chomwecho a Shawnee anamgwira pamodzi ndi mlamu wake John Stewart. Sanawaphe ai. Anawalanda zikopa ndi akavalo, nawapatsa zochepa zofikira nazo kwao, nawachenjeza kuti asadzabwerenso. Kwa a Shawnee, mlendo wopha nyama mazana m'dziko la eni chifukwa cha zikopa zokha anali mbala, monga munthu wokolola m'munda mwa mwini. Boone sanamvere chenjezolo, nakhala m'dzikomo kufikira 1771.

Mu Sepitembala 1773 anayesa kusamukira ku Kentucky ndi banja lake ndi mabanja ena. Ali m'njira, mu Okutobala, kagulu ka anyamata kamene kanatsalira m'mbuyo kanagwidwa ndi ankhondo a eni dziko, ndipo mwana wake woyamba, James, wa zaka 16, anazunzidwa naphedwa. Ulendowo unathera pomwepo. Chaka chotsatira kunabuka nkhondo pakati pa dziko la Virginia ndi a Shawnee, ndipo Boone anapatsidwa udindo wa kaputeni woyang'anira malinga a m'chigwa cha mtsinje wa Clinch. Ankhondo amene iye anali kuwatsogolera sanali asilikali olembedwa ntchito ai, koma alimi ndi alenje a m'midzi, yense ndi mfuti yake, amene anali kuitanidwa pakagwa zoopsa nabwereranso ku minda yao zikatha. Anthu otere anali kumvera mtsogoleri pokhapokha akamkhulupirira.

Mudzi wa Boonesborough

Mu Malichi 1775 munthu wina wachuma, Richard Henderson, anasonkhanitsa mafumu a Cherokee pa Sycamore Shoals nagula kwa iwo dziko lalikulu la maekala ngati 20 miliyoni ndi katundu wa mtengo wa mapaundi ngati 10,000. Mmodzi wa atsogoleri a Cherokee, Dragging Canoe, anakana malondawo kwamtuwagalu, ndipo a Shawnee, amene nawonso anali kusaka m'dzikomo, sanafunsidwe konse. Henderson analemba Boone ntchito yolambula njira. Iye anatenga amuna ngati 30 a nkhwangwa, napyola nao pa Cumberland Gap kufikira ku mtsinje wa Kentucky, ndipo mu Epulo anayamba kumanga mudzi umene anautcha Boonesborough. M'mwezi womwewo, pa 19 Epulo, mfuti zoyamba za nkhondo ya ufulu wa America zinalira ku Lexington ndi ku Concord, kutali kum'mawa.

Nkhondoyo kuseri kwa mapiri inali ya mtundu wina. Kum'mawa anthu anali kulimbirana za msonkho ndi za ulamuliro wa Mfumu. Kumadzulo mlandu unali wa nthaka. Angerezi, amene anali ndi linga lao ku Detroit, anali kupatsa eni dziko mfuti ndi wonga, ndipo eni dziko ambiri anaona kuti kuthandizana ndi Mfumu ndiyo njira yokha yoletsera alendo osefukira m'dziko lao. Mu Julayi 1776 ankhondo asanu anagwira mwana wamkazi wa Boone, Jemima, pamodzi ndi atsikana awiri a Richard Callaway, alikuyenda m'bwato pamtsinje. Boone anawalondola ndi anzake nawalanditsa patapita masiku ochepa. Mu Epulo 1777 mfumu ya nkhondo ya a Shawnee, Blackfish, inathira nkhondo mudziwo, ndipo Boone analasidwa m'kakolo. Mnyamata wina, Simon Kenton, ndiye anamnyamula kumlowetsa m'linga. Mu Novembala chaka chomwecho ankhondo a ku America anapha Cornstalk, mfumu ya a Shawnee imene inali kufuna mtendere, ali m'manja mwao pa linga la Fort Randolph. Imfa imeneyo inakwiyitsa mtundu wonse.

Mlandu wa mchere

M'masiku amenewo mudzi wopanda mchere unali pa tsoka, pakuti nyama inali kusungidwa ndi mchere, ndipo chifukwa cha nkhondo minda sinalimidwe mokwanira. Tsono mu Januwale 1778, pakati pa nyengo ya chisanu choopsa, Boone anatenga amuna ngati 30 kupita nao ku akasupe a mchere a Blue Licks pa mtsinje wa Licking, kukaphika mchere m'miphika yaikulu yachitsulo. Pa 7 Febuluwale, alikusaka nyama yodyetsa anzakewo, anagwidwa ndi a Shawnee, amene anamtengera kwa Blackfish. Pamenepo anapeza ankhondo oposa 100 ali pa ulendo wokathira nkhondo Boonesborough.

Boone anadziwa zimene Blackfish sanazidziwe: linga linali losatha kumangidwa, ndipo amuna otsalamo anali ochepa pa akazi ndi ana. Chotero anauza mfumuyo kuti lingalo n'lolimba, ndi kuti akazi ndi ana sangathe kuyenda ulendo wautali m'chisanu chotere. Koma akadikira nyengo yofunda, iye mwini adzawatsogolera nadzapereka mudziwo mwamtendere. Kuti amkhulupirire, anavomera kukauza amuna a ku mchere kuti adzipereke, malinga asaphedwe kapena kuzunzidwa. M'mawa mwake anawatsogolera ku msasawo, ndipo amuna oposa 25 anatula mfuti zao osaomba n'kamodzi komwe. Ankhondo ena anafuna kuwapha onse kulipsira Cornstalk, koma pa upo umene unachitika, ofuna kuwasunga anapambana pang'ono pokha.

Akaidiwo anatengedwa kuoloka mtsinje wa Ohio kunka ku mudzi wa Chillicothe. A Shawnee anali ndi mwambo wolowetsa ogwidwa ku nkhondo m'mabanja ao m'malo mwa abale amene anafa, ndipo wolowetsedwayo anali kusungidwa monga mwana weniweni wa pabanjapo. Ena mwa amuna aja analowetsedwa chotero. Otsalawo anaperekedwa kwa Angerezi ku Detroit. Boone anatengedwa ndi Blackfish mwini wake, napatsidwa dzina lakuti Sheltowee, ndiko kunena kuti Kamba Wamkulu. Atapita naye ku Detroit, bwanamkubwa wa Angerezi, Henry Hamilton, anafuna kumuombola ndi ndalama, koma Blackfish anakana kugulitsa mwana wake. Boone anali kusaka ndi kuseka ndi a Shawnee monga munthu wokondwa, ndipo anzake ogwidwa naye, poona zimenezi, anayamba kumkayikira.

Pa 16 Juni 1778, ataona kuti ankhondo alikusonkhana kuti apite ku Boonesborough, anathawa. Anayenda mamailosi 160 m'masiku osapitirira asanu, poyamba pa kavalo, ndipo kavaloyo atalefuka, pansi. Pofika anapeza nyumba yake ili yopanda anthu, pakuti Rebecca, poyesa kuti mwamuna wake anafa, anali atabwerera ku North Carolina ndi ana. Jemima yekha ndiye anatsala. Anthu ambiri a m'mudzimo anamlandira ndi nkhope zozizira, chifukwa amuna ao ndi ana ao anali akali m'ukaidi. Komabe anamvera mau ake nalimbitsa linga.

Pa 7 Sepitembala Blackfish anafika ndi ankhondo oposa 400, pamene amuna odziwa kuomba mfuti m'lingamo sanapitirire 60. Mfumuyo inaitana mwana wake kunja, nimkumbutsa lonjezo lake. Womasulira mau pakati pao anali Pompey, munthu wakuda amene anali kukhala pakati pa a Shawnee. Anakambirana masiku awiri, ndipo pa tsiku lachitatu, atsogoleri a mbali zonse ziwiri alikugwirana chanza kunja kwa linga, panabuka chipolowe, mbali iliyonse niyesa kuti inzake yachita chiwembu. Kuyambira pamenepo mfuti sizinaleke kulira usana ndi usiku. A Shawnee anaponya miuni ya moto pa madenga, nakumba ngalande ya pansi pa nthaka kuchokera ku gombe la mtsinje kulinga ku mpanda. Koma kunagwa mvula yamphamvu imene inazima moto nigumula ngalandeyo. Pa 18 Sepitembala ankhondowo anachoka. M'lingamo munafa anthu awiri, mmodzi wa iwo kapolo wakuda dzina lake London. Kunja kwa linga Pompey nayenso anaphedwa. Chotero ana a Africa anagwa mbali zonse ziwiri za mpanda, pa nkhondo yolimbirana dziko limene silinali lao.

Mudzi unapulumuka, koma Boone anaimbidwa mlandu. Richard Callaway ndi Benjamin Logan, atsogoleri anzake, anamneneza pa bwalo la milandu la asilikali kuti anapereka amuna a ku mchere mwadala, kuti anapangana ndi Angerezi ku Detroit, ndi kuti anaika mudzi pangozi potulutsa atsogoleri kunja kwa linga. Iye anayankha kuti zonsezo anazichita ponyenga adani, kuti apulumutse akazi ndi ana. Bwalo linampeza wosalakwa, ndipo anakwezedwa kukhala meja. Koma manyazi a mlanduwo sanamchoke. Anapita kukatenga banja lake, ndipo pobwera mu 1779 sanakhalenso ku Boonesborough, koma anamanga mudzi wina pafupi. M'chaka chomwecho Blackfish anafa ndi bala limene analandira pamene ankhondo a ku Kentucky anathira nkhondo mudzi wa Chillicothe.

Tsoka la pa Blue Licks

Mu 1780 Boone anakwezedwanso kukhala Lieutenant Colonel wa ankhondo a m'chigawo cha Fayette, ndipo mu 1781 anasankhidwa kukhala wa m'bwalo lopanga malamulo la Virginia. Ali kumeneko asilikali apakavalo a Angerezi, otsogozedwa ndi Banastre Tarleton, anamgwira kufupi ndi Charlottesville, nammasula patapita masiku owerengeka. Mu Okutobala 1781 khamu la Angerezi linagonja pa Yorktown, ndipo kum'mawa nkhondo inakhala ngati yatha. Kumadzulo inali isanathe.

Mu Ogasiti 1782 ankhondo a eni dziko mazana angapo, pamodzi ndi asilikali a Mfumu otsogozedwa ndi William Caldwell, anazinga mudzi wa Bryan's Station, ndipo atalephera kuulanda anabwerera kumpoto. Amuna ngati 180 a ku Kentucky anawalondola, atsogoleri ao ndiwo John Todd, Stephen Trigg ndi Boone. Pa 19 Ogasiti anafika pa mtsinje wa Licking, pa malo omwe aja a mchere. Boone anali kulidziwa dzikolo monga bwalo la pakhomo pake. Anaona kuti adaniwo sanabise njira yao, ngati kuti alikufuna kutsatidwa, ndipo anadziwa kuti kutsidya kuli zigwembe ziwiri zobisalamo anthu. Analangiza kuti adikire Benjamin Logan, amene anali m'mbuyo ndi amuna ena ambiri. Koma meja wina waukali, Hugh McGary, amene anzake anali atamnena kale kuti ndi wamantha, analowetsa kavalo wake m'madzi nanyoza onse otsala, ndipo khamu lonse linamtsata mosalongosoka. Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Atangokwera chitunda cha kutsidya, mfuti zinalira kuchokera m'zigwembe zija, ndipo m'kanthawi kochepa amuna ngati 70 anali atafa, pamodzi ndi Todd ndi Trigg. Mwa akufawo munali Israel, mwana wa Boone, wa zaka 23, amene anagwa pambali pa atate wake. Patapita masiku ochepa Boone anabwerera ndi Logan kukaika maliro. Ana ake anasimba kuti kufikira ukalamba wake anali kugwetsa misozi akamakamba za tsikulo.

Dziko la mapepala

M'chaka cha 1783 pangano la mtendere linalembedwa ku Paris. Angerezi anapereka kwa America dziko lonse kufikira ku mtsinje wa Mississippi, osatchula n'komwe eni dziko amene anawathandiza pa nkhondoyo. Mu 1784 mphunzitsi wina, John Filson, anasindikiza buku lofotokoza za Kentucky, m'mene anaikamo mbiri ya Boone. Bukulo linamasuliridwa m'zinenero za ku France ndi ku Germany, ndipo dzina la mlenjeyo linamveka kutsidya kwa nyanja.

Kutchukako sikunampatse mtendere. Anakhala ku Limestone, pa gombe la Ohio, nachita malonda, nasunga nyumba ya alendo, nagwira ntchito yoyeza malo. Anali nao akapolo, monga analili ambiri a chuma m'dzikomo. Koma nthaka ya Kentucky tsopano inali ya odziwa mapepala. Lamulo la Virginia linafuna kuti munthu agule chikalata, alembetse malo ake, awayezetse, ndi kulandira chikalata china chotsiriza; akaphonya chimodzi, malowo angathe kutengedwa ndi wina. Malire anali kuzindikiridwa ndi mitengo ndi miyala, kotero kuti malo a anthu anasanjikizana monga udzu wa padenga. Kale mu 1780 Boone anali ataberedwa ndalama zambiri zimene anzake anamtuma nazo kukagula zikalata, ali m'tulo m'nyumba ya alendo ku Virginia, ndipo anatha zaka alikubweza. Tsopano milandu inamgwera motsatizana. Malo ena anamlanda pa bwalo, ena anagulitsidwa chifukwa cha msonkho. Mu 1798 bwalo linalamula kuti amangidwe chifukwa sanafike kudzachita umboni pa mlandu wina, ndipo m'chaka chomwecho boma la Kentucky linatcha chigawo china dzina lake pomlemekeza. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe: amene anathandiza kuchotsera a Shawnee dziko lao losakamo anachotsedwa nayenso, wosaomberedwa mfuti.

Mu 1799, ali ndi zaka 64, anaoloka Mississippi nakakhala ku Missouri, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa boma la Spain. Bomalo linampatsa malo a maekala ngati 850, nimuika kukhala woweruza milandu wa m'dera la Femme Osage, ndipo anali kuweruza atakhala patsinde pa mtengo. Kumeneko anakumananso ndi a Shawnee ena a ku Chillicothe, amene nawonso anali atasamukira kumadzulo pothawa khamu la alendo, ndipo anali kuchezerana monga abale. Koma America itagula dziko lonselo mu 1803, akulu a boma anakana kuvomereza malo ake, chifukwa sanawalime monga lamulo linafunira. Bwalo lalikulu la Congress linambwezera malowo mu 1814, Rebecca atamwalira kale chaka chapitacho, ndipo iye anawagulitsa kuti alipe ngongole zake zakale za ku Kentucky. Anamwalira pa 26 Sepitembala 1820 m'nyumba ya mwana wake Nathan, ali ndi zaka 85.

Njira imene analambula ndi nkhwangwa mu 1775 inakula nikhala mseu wa anthu miyandamiyanda. Pa kalembera wa 1790 m'Kentucky munali anthu oposa 73,000, ndipo pofika 1800 anapitirira 220,000. Njati zija zinali zitatsala pang'ono kutha. A Shawnee anataya mbali yaikulu ya dziko la Ohio pa pangano la Greenville mu 1795, ndipo m'zaka za m'ma 1830 otsala ambiri anasamutsidwira kumadzulo. Lero maboma a mtundu wao ali ku Oklahoma. Mu 1845 akulu a ku Kentucky anatumiza anthu ku Missouri kukafukula mafupa a Boone ndi a Rebecca, nawaika ndi ulemu waukulu mu mzinda wa Frankfort. Anthu ena a ku Missouri anena kufikira lero kuti ofukulawo analakwitsa manda, ndi kuti mlenjeyo akali kugona kwao.